Dzanja la Wongani

Ndidadzuka kusanache, atambala asanayambe. Kunena kuti ndidadzuka n'kudzikometsera chabe, chifukwa usiku umenewo sindidaone tulo. Ndidangotsamira thumba la chimanga m'chisakasa cha abambo, nditadzifunditsa jekete, n'kumamvetsera nyimbo za amayi m'nyumba zikukwera, zikutsika, mpaka padatsala mayi mmodzi wa mawu osasa amene ankaimba yekha. Moto wa pabwalo udatsala makala. Amuna adali gonegone mouzungulira, ena atagona chokhala, mitu ili m'mawondo. Kuno ku Nthalire m'mawa kumazizira ngakhale m'dzinja, ndipo tsiku limenelo kumwamba kudalibe nyenyezi ndi imodzi yomwe.

M'nyumbamo mudali bokosi la Wongani, mwana wa mlongo wanga. Ndine ndidakalitenga ku Lilongwe. Abale adandisankha chifukwa amati ndimadziwa Chingerezi, ndipo sindidawatsutse, ngakhale sukulu ndidailekeza ndisanayambe n'komwe kuvala nsapato. Chingerezi changacho ndidachitola m'manyuzipepala okulungira usipa ndi pamabotolo a mankhwala a ng'ombe. Chimandikwanira kutsutsana ndi wailesi madzulo, koma ku mochale sichidagwire ntchito. Munthu wa kumeneko adakoka nsalu, ndidayang'ana, ndipo ndidangovomera ndi mutu monga akadachitira munthu amene sadagwirepo buku.

Wongani adali makaniko pa depoti ina ya feteleza mumzindamo. Ankakonza mafokolifiti, timagalimoto tokhala ndi mano awiri achitsulo kutsogolo, timene timalowetsa manowo pansi pa mulu wa matumba n'kuukweza mpaka kudenga. Momwe zidachitikira adandifotokozera mnzake wa kuntchito, bambo wina wa ku Mulanje amene adaperekeza maliro, tili khale pambali pa bokosi kumbuyo kwa lole. Idali nthawi yoti feteleza afike kwa alimi, malole ali pamzere mpaka kunja kwa geti, ndipo fokolifiti imodzi idayamba kudontha oyilo. Wongani adakweza manowo m'mwamba kuti apeze polowera, adazimitsa injini, kiyi n'kuika m'thumba. Chitsulo chochirikizira chidali chitabwerekedwa ku shedi ina, ndiye iye adachirikiza ndi mtengo wa bulugama, monga ankachitira onse pakakhala changu. Adagwada pansi pake nayamba kumasula paipi. Koma chimene chimagwira manowo m'mwamba ndi oyilo yemweyo. Paipi itamasuka oyilo adathovoka, mtengo udang'aluka, ndipo chitsulo chonse chidatsikira pamutu ndi paphewa pake.

Titafika kumudzi madzulo a dzulo lake, ndidauza mlongo wanga kuti madokotala aletsa kutsegula bokosi chifukwa cha mankhwala amene adabaya thupi. Nkhani imeneyi ndidaipeka panjira, pakati pa Karonga ndi boma la kwathu, lole ikudumpha m'maenje, ndipo ndinkaiona ngati yolimba. Bokosilo lidalibe kagalasi koonera nkhope, chivundikiro chake chidali chomanga ndi masikuluwu. Mlongo wanga adamva, nayang'ana bokosi. Choonadi ndidangouza munthu mmodzi, mng'ono wa malemu bambo ake a Wongani, amene mwa mwambo wathu ndiye mwini maliro. Iye adati ndachita bwino.

Kutayamba kuyera, okumba manda adanyamuka ndi makasu, mapiki ndi bango limene adayezera bokosi. Kuseri kwa nyumba amayi adayala mafuwa m'mizere. Nkhuni zidali zonyowa, choncho utsi udakana kukwera, udangoyala pabwalo ponse n'kumatitulutsa misozi ina yosakhudzana ndi maliro. Nyemba adaziphika m'migolo yodula pakati. Ng'ombe adaiphera pansi pa mtengo wa mango, agalu a mudzi wonse atakhala patali mwaulemu ngati nawonso abwera kudzapepesa. Atsikana ankapita ndi kubwera kuchitsime, ndowa pamutu. Wina adandipatsa chikho cha chindongwa, thobwa la kwathu, ndidachigwira mpaka chidazizira.

Anthu adayamba kufika dzuwa lisanaoneke, ndipo tsiku lonselo silidaoneke. Ena adachokera cha ku Wenya wapansi, matope mpaka m'mawondo, nsapato zili m'manja. Ena adabwera panjinga, nkhuku kapena kamtolo ka nkhuni kali pakaliyala. Amayi ankabwera akucheza bwinobwino, koma akafika pamene njira imakhotera kunyumba ankamanga chitenje, n'kuyamba kulira. Amalonda a pamsika adatseka magolosale awo nabwera pamodzi. Kudabweranso wapolisi wina wa kummwera amene Wongani adamukonzerapo njinga yamoto. Chitumbuka chake chidali mawu awiri, yewo ndi pepani, ndipo tsiku limenelo adamukwanira. Cha ku mapiri a Nyika mitambo idali itada bii, ikubwera pang'onopang'ono.

Ndinkapereka moni, koma makutu anga adali kwina. Nkhani yoti bokosi silitsegulidwa idali itayenda kale. Kwathu munthu sapita kumanda asanaonedwe nkhope. Abale amamusambitsa, amamuveka, kenaka anthu amadutsa mmodzimmodzi kumutsanzika, ndipo ambiri amene amayenda mtunda wautali amayendera zimenezo. Wongani adasambitsidwa ndi anthu osamudziwa dzina, ndipo tsopano ankapita osaonedwa. M'chisakasa nkhalamba ina idakumbutsa anzake za mudzi wina umene udaika maliro a mwana wa eni ake, amene ankati wamwalirayo n'kutulukira pa Khirisimasi atanyamula shuga. Wina adafunsa kuti makina ozimitsa, kiyi ali m'thumba, angaphe munthu bwanji okha. Atandiona ndikuyandikira adayamba kukamba za mvula.

Chakumasana akulu a mpingo adati nthawi yakwana. Anyamata onyamula adalowa m'nyumba, koma sadatuluke. Patapita kanthawi adandiitana.

Mlongo wanga adali pamphasa, kumutu kwa bokosi, mkono wake uli pachivundikiro. Chifikire maliro adali asanalire mokweza, ndipo amayi anzake ankanong'onezana kuti zimenezi si zabwino. Mwini maliro adali atagwada patsogolo pake, akumuuza mwaulemu kuti mvula yayandikira, ndipo kumanda atumiza mawu kuti pansi pa dzenje payamba kutuluka madzi. Iye adayankha osakweza mawu kuti mwana wake adamuona tsiku limene adabwera, ndipo amuonanso tsiku lopita.

Ndidagwada nanenso. Ndidabwereza za madokotala ndi mankhwala awo, n'kuikamo timawu ta Chingerezi kuti nkhani ilemere. Adandimvetsera mpaka ndidamaliza.

"Adumbu," adatero, monga timaitanirana alongo kwathu, "inu munamuona?"

Ndidavomera.

"Nkhope munaiona?"

Apa Chingerezi chidanditha, Chitumbuka nacho chidanditha.

"Nanga munadziwa bwanji kuti ndi wanga? Mukufuna ndizikalima udzu pamanda a mwana wa eni?"

"Ndinadziwira dzanja," ndidatero. "Chala chaching'ono chija."

Kubanja kwathu chala chaching'ono cha kumanzere chimapindikira m'kati. Adali nacho bambo athu, ndili nacho ine, ndipo Wongani adabadwa nacho, moti abale a bambo ake ankatiseka kuti mwana tamulemba chizindikiro ngati ng'ombe. Mlongo wanga adayang'ana dzanja langa nthawi yaitali.

"Ndiye nanenso mundionetse dzanjalo," adatero. "Zinazo musunge."

Mwini maliro adakana. Adati bokosi likatsekedwa satsegulanso, kutero n'kuitana maliro ena pakhomo. Adatembenukira kwa mkulu wa mpingo kuti amuthandize, koma mkuluyo adati m'Buku sadapezemo vesi lonena za masikuluwu. Mlongo wanga adati ngati zili choncho alinyamule bokosilo pamodzi ndi iye, poti mkono sauchotsa. Mwini maliro adasuzumira kumwamba kudzera pakhomo, adapukusa mutu, nandiuza kuti popeza ndine asibweni, malume ake a mwana, ndipo ndine ndidaona, chilichonse chigwere ine. Adatuluka, mkulu wa mpingo, anyamata ndi amayi onse adamutsatira, ndipo panja adayambitsa nyimbo yaitali kuti anthu asaone kuchedwa.

Tidatsala anthu atatu, ine, mlongo wanga ndi bambo wa ku Mulanje uja, amene adakabwereka sikuludiraiva kwa dalaivala wa lole. Kenaka mlongo wanga adaitana mkamwana wake, mkazi wa Wongani, mtsikana wa ku Dowa amene kumudzi kuno adali atafikako kamodzi kokha. Adamuuza kuti abwere ndi beseni la madzi ofunda ndi sopo. Zimenezi sitidapangane, koma panthawiyo kudali kutachedwa kutsutsa.

Bambo uja adayamba kumasula masikuluwu. Ndiye amene adakweza chitsulo chija ndi jeke kuti amutulutse mnzake, ndipo sikuluwu iliyonse ikamasuka ankati pepani, sindikudziwa kwa yani. Chivundikiro sitidachichotse chonse, tidangochikankhira pambali. Fungo la mankhwala a ku mochale lidadzaza nyumba, ndipo pansi pake padali fungo lina, chifukwa ulendo udatalika, lole idatitimira m'matope kawiri konse. Thupi lidali lokulunga m'nsalu yoyera, koma kumtunda nsaluyo idali itadetsedwa, ndipo mmene idagonera munthu akadatha kudziwa. Ndidafulumira kutenga bulangete, ndidaphimba kuyambira pachifuwa kupita kumutu, ndipo ndidagwada n'kuligwira ndi manja onse awiri, mbali ina nditaikweza kuti itchinge maso a mkamwana. Bambo uja adapisa m'nsalu natulutsa dzanja lamanzere.

Lidali lathunthu, lotuwa, lozizira. M'zikhadabo ndi m'mizere ya chikhatho mudali oyilo wakuda. A ku mochale sadavutike nazo zimenezo. Mlongo wanga adalilandira, adapeza chala chija, adachisisita ndi chala chake chachikulu, nanena motsitsa kuti ndi iyeyo. Mkamwana adayamba kusisima, madzi m'beseni n'kumagwedezeka, ndipo mlongo wanga adamuuza kuti agwire bwino.

Mlongo wanga adayamba kusambitsa dzanjalo. Adatsuka chala chimodzichimodzi, adathyola kachitsotso pamphasa n'kumakolokosa m'zikhadabo. Oyilo wa makina samvera sopo msanga. Adapaka, adatsuka, adapakanso, madzi adada. Ankalankhula naye ngati mwana amene wabwera kosewera.

"Taona manja akowa. Ukafike kwa abambo ako uli chonchi? Adzati amako ali kuti?"

Pamalata padayamba kugwa madontho akuluakulu, apa ndi apo. Panja nyimbo idatha, adaiyambiranso. Ine ndinkati wamaliza, koma adapitirira pachikhatho, adasambitsa mkono, adafika pachigongono, ndipo dzanja lake lamanja lidalowa pansi pa bulangete.

"Adumbu, basi," ndidatero.

Sadandimve, kapena adandimva. Ndikadatha kumugwira dzanja, koma manja anga onse adali pabulangete, ndipo ndikadalisiya mkamwana akadaona zonse. Choncho ndidangoyang'ana kutumphuka kwa dzanja lake pansi pa bulangete likukwera pang'onopang'ono. Lidafika paphewa. Lidapitirira pamene payenera kukhala khosi ndi chibwano. Pamenepo lidaima.

Sindikudziwa kuti lidakhala pamenepo nthawi yaitali bwanji. Nkhope yake sidasinthe. Adakweza maso nandiyang'ana, osati mokwiya, koma monga amayang'anirana anthu amene anyamula mtengo umodzi. Kenaka adalibweza dzanjalo pang'onopang'ono naliviika m'madzi akuda aja. Adapukuta dzanja la mwana wake ndi nsonga ya chitenje, adalibwezera yekha m'nsalu, nati titseke.

Mkamwana adafunsa ngati naye angaone. Mlongo wanga adamuyankha kuti waona kale, ameneyo ndi mwamuna wake, ndipo akataye madziwo kuseri kwa nyumba, kumene sikudutsa ana.

Bambo uja adabwezera masikuluwu. Titatsegula chitseko, amayi adali atadzaza pakhonde, maso onse ali pa mlongo wanga. Adaima pakhomo, atagwira mphuthu ndi dzanja lamanzere.

"Ndamuona," adatero. "Ndi mwana wanga. Wagona bwino."

Atatero adagwa pansi, ndipo kulira kumene adasunga chifikire maliro kudatuluka konse. Amayi adamuzungulira. Mawu ake aja adayenda pabwalo mofulumira kuposa momwe idayendera nkhani yanga, ndipo ndidaona nkhalamba ija ya m'chisakasa ikuvula chipewa.

Mvula idatipeza tisanafike pakati pa njira ya kumanda. Patsogolo padali amayi a mpingo ovala zoyera, malaya atawamamatira, akuimbabe. Pambuyo pawo bokosi linkayenda pamapewa, amuna akulandizana osaima. Njira yathu ndi ya dothi lofiira, ikanyowa imaterera ngati therere, ndipo potsikira kudambo onyamula adachita kugwirana malamba. Ochepa adali ndi maambulera. Ena adathyola masamba a nthochi, koma ambiri adafunda matumba a feteleza opinda pakona, moti ukayang'ana m'mbuyo unkaona mzere wa timitu toyera ukutsika phiri. Mlongo wanga adamugwira amayi awiri, uku ndi uku. Ine ndidaterereka kamodzi n'kukhala pansi m'matope, jekete la maliro ndi la ukwati lomwelo, ndipo padalibe woseka.

Kumanda tidapeza okumba akukapa madzi ndi ndowa. Ankati akakapa, madzi n'kubwereranso. Pomaliza adayala mitengo pansi kuti bokosi lisagone m'madzi. Mwambo wathu umafuna kuti wina aime afotokoze chimene chatenga munthu, ndipo mwini maliro adanena mwachidule kuti ndi ngozi ya pantchito, chitsulo chidamugwera akukonza makina. Adapempha bambo wa ku Mulanje kuti awonjezere. Iye adayamba za oyilo, za paipi, za mtengo wa bulugama, koma mvula pamasamba ndi pamaambulera idameza mawu ake, ndipo adamva ndi oyandikira okha. Padalibe wofunsa. Mlaliki adafupikitsa ulaliki wake, chinthu chimene chikhalire sindidamuonepo akuchita. Bokosi lidatsika pazingwe. Dothi lidali matope, silidalire pabokosi monga limachitira louma, linkangoti phwa, phwa. Amuna adalandizana mafosholo mpaka mtumbira udakwera. Nkhata za maluwa a pepala zidasungunuka tisanachoke, utoto wake ukutsikira m'dothi.

Pobwerera tidasamba m'manja pamphambano, m'ndowa imene amaika pamenepo. Anthu adadya choimirira, mofulumira, kuti awoloke mitsinje isanadzaze. Dalaivala wa lole naye ankaliza injini, akuopa msewu. Bambo wa ku Mulanje adabwera kudzanditsanzika. Ndidamufunsa kuti fokolifiti ija adaitani. Adati adaikonza m'mawa mwake, idali kale pantchito ife tikunyamuka, poti malole sakadadikira. Adati akabwerera ndiye adzaiyang'anire. Adandigwira dzanja ndi manja awiri, adati yewo, nakwera.

Madzulo pabwalo padatsala mafuwa akuda, mabenchi a tchalitchi atawaunjika pakhonde, ndi mapazi a anthu m'matope. Achibale ogona pamaliro adali kukhitchini, akulankhula motsitsa. Mvula idali italeka, koma madenga ankadonthabe. M'nyumba, pamene padali bokosi, adasesapo, ndipo aliyense polowa ankapalambalala. Mkamwana adali atagona kuchipinda ndi mwana wake, kamtsikana kongoyamba kumene kuyenda, kamene tsiku lonse kadakondwera ndi kuchuluka kwa anthu.

Mlongo wanga adakhala pafupi ndi khomo, miyendo atatambasula, dzanja lamanja lili pamwendo, chikhatho chikuyang'ana kumwamba. Pambali pake wina adaikapo kapu ya tiyi. Ndidakhala pakampando.

Adandifunsa ngati Wongani adakuwa. Ndidamuuza zimene adandiuza mnzake, kuti chidamveka ndi chitsulo chokha. Adafunsanso ngati m'mapepala anga aja ndidawerengamo kuti munthu zikamuchitikira zotere amamva kupweteka. Ndidati ndidawerenga, samva kanthu, zimachitika msanga kuposa kuphethira. Sindidawerengepo zimenezo pena paliponse. Adagwedeza mutu, ndipo sindikudziwa ngati adakhulupirira kapena adangondisiya.

"Kamwanako kakadzakula kadzafunsa," adatero, akuyang'ana chitseko cha kuchipinda. "Tidzanena kuti tonse awiri tinaona nkhope."

Ndidavomera.

Adatenga kapu ya tiyi ija nandipatsa, nati ndimwe ine, iye sangathe. Adandipatsa ndi dzanja lamanzere, chinthu chimene amayi athu ankatimenyera tili ana. Lamanja lidali pamwendo pomwepo, osasuntha. Ndidalandira ndi manja awiri, ndipo ndidamwa, ngakhale tiyiyo adali atazizira kale.